Mchenga wa ku Lebda

Basi inanditsitsa pa Khomsi dzuwa lili paliwombo.
Pachipata cha mabwinja ndinapeza Miftaha,
mlonda wa ndevu zoyera mbali imodzi,
akukangana ndi wailesi yake pa nkhani ya mpira.
Anandiyang'ana kunsapato, osati kumaso.
"Zidzaza zimenezo," anatero.
"Muno palibe amatuluka chimanjamanja."

Msewu wa Aroma ndi miyala yaikulu ngati zitseko zogonekedwa.
Mawilo a ngolo anaikumba tingalande tiwiri.
Ndinapondamo. Phazi linakwana ndendende,
ndipo ndinachita manyazi
ngati ndavala nsapato ya malemu.

Pamsika palibe woitanira malonda.
Mphaka wa khutu limodzi wagona patebulo la nsomba,
kudikira ogulitsa omwe anaweruka
zaka mazanamazana zapitazo.
Pambali pali mwala wa miyeso,
mikono itatu yosiyana yojambulidwa pamenepo.
Miftaha anagonekapo wake:
pa woyamba unaperewera, pa wina unapitirira,
wachitatu anangougwedezera mutu.
"Ogula nsalu ankabedwa pompano, masanasana,"
anaseka mpaka kutsokomola.

Anandionetsanso zimbudzi za nsangalabwi,
mabowo ogundizana, opanda chotchinga,
pomwe akuluakulu ankanenererana mtengo wa mafuta a azitona
ali chikhalire, mikanjo m'maondo.
Kubwalo lalikulu, mitu ya akazi a tsitsi la njoka
yandandalikidwa pansi, uliwonse ndi tsinya lake.
Ana a sukulu autsamira wothyoka mphuno,
akudya buledi wa nsomba ndi tsabola,
zala akupukutira pamasaya ake.

Doko ndinalifunafuna ndi maso, osaliona.
"Waima pakati pake," anatero Miftaha.
Pansi panga panali mchenga, bango,
ndowe za mbuzi, botolo la pulasitiki.
Miyala yoboola yomangirira zombo ikadali pakhoma,
yangoti kukamwa yasa, kudikira chingwe.
Akuti mwana wa mzinda uno, atakavala ufumu kutsidya,
anafuna kukometsa kwawo, nakulitsa doko,
ndiye mtsinje unayamba kulavuliramo matope
mpaka zombo zinaiwala njira.
Mphatso ina imatseka pakhomo.

Apa Miftaha sanaseke.
Anatulutsa foni yong'aluka galasi,
nandionetsa mnyamata wa malaya ofiira, mano pamtunda.
"Siraji, wachiwiri wanga.
Anakwera kabwato ka mphira usiku, cha kumadzulo uko.
Chino ndi chaka chachitatu.
Kale kuno kunkachoka mafuta, tirigu, minyanga,
ngakhale mikango yamoyo.
Nyanjayi sinasiye ntchito, bwanawe,
yangosintha katundu."

Ndinafuna kumupepesa m'chinenero chake,
koma mawu asanu omwe ndinaloweza m'basi
anali a moni ndi ofunsira mtengo.
Ndinangogwira mwala woboola uja.
Unali kutentha ngati chipumi cha mwana wa malungo.

Mwazini anaitana kuchokera kutauni,
mphepo ikuduladula mawu ake.
Miftaha anandisungitsa wailesi,
nakayala katoni mumthunzi wa mzati wakugwa.
Ndinaima ndi zigoli za anthu ena m'manja,
kuyang'ana kuseri kwa bango
komwe madzi amanyezimira ngati sakudziwa kanthu.

Atatha anatola tsache lake lakutha,
nayamba kusesa timiyala ta mitundumitundu
mpaka panatuluka diso la nsomba, kenaka mchira.
Ndinamufunsa ngati mphepo siikwiriranso.
"Mawa lomwe," anayankha osadzutsa mutu.
"Nanga ine ndikapuma, nsombayi ipumira kuti?"

Usiku, m'kachipinda ka alendo,
ndinavula nsapato ndi kuzigwedeza.
Panagwa kamulu ka mchenga wofiirira,
ndi kachidutswa ka chigoba, kochepa ngati chikhadabo cha khanda.
Tsache linali kuseri kwa chitseko.
Ndinazimitsa nyale,
kamuluko ndinakalambalala mumdima.